Khadi langa siliwadziwa achemwali anga

Foni inalira cha m'ma 11 koloko usiku, mwezi wa June, chiperoni chitagwira mzinda wonse wa Blantyre. Anali alamu. Moni sanapereke. "Alamu, fikani msanga. Achemwali anu agwa kubafa, pakamwa papotoka, zimene akuyankhula sizikumveka."

Ine ndimakhala ku Chilomoni, iwo ku Ndirande. Galimoto ndilibe. Ndinakagogoda kwa aneba amene ali ndi kagalimoto kawo, ndipo bambowo anatuluka atangovala jekete pamwamba pa zogonera, osafunsa ngakhale za mafuta. Titafika tinapeza achemwali atawagoneka pamphasa pabalaza, atawafunditsa bulangete, dzanja lamanja lili lende. Maso anali kundiona ndipo anandizindikira, koma dzina langa linkakanirira pakamwa.

Muyenera kudziwa kuti achemwali amenewa ndi ndani kwa ine. Amayi anatisiya ine ndili Sitandade 6. Achemwali anali Fomu 2, ndipo sukulu yawo inathera pomwepo. Anayamba ndi mandasi, kenako tomato, kenako kaunjika mumsika, ndipo fizi yanga yonse mpaka kukoleji inachokera m'kansalu kamene ankamanga m'chiuno. Ntchito ya muofesi imene ndili nayo lero ndi thukuta lawo. Ndipo ntchito imeneyi inabwera ndi kakhadi ka sikimu ya zachipatala, kamene kamakhala m'chikwama changa kuseri kwa chiphaso cha unzika. Pakhadipo pali ine, mayi a kunyumba ndi ana athu awiri. Nditangolembedwa ntchito ndinafunsa ngati ndingawonjezerepo achemwali, ndipo anandiyankha mwaulemu kuti sikimu imalola mkazi kapena mwamuna wako ndi ana ako basi. Ife timati chibale ndi fupa, sichiwola. Fomu ya sikimu ili ndi mizere inayi yokha.

Usiku umenewo ndinawauza aneba kuti tipite kuchipatala cholipira. Ndinkachidziwa bwino. Miyezi iwiri m'mbuyomo mwana wanga wamng'ono anatentha thupi pakati pa usiku, ndinamutengera komweko, ndinangoonetsa khadi, ndipo pasanathe theka la ola anali atamuyeza malungo, adokotala atamuona, ife tili m'njira kubwerera ndi mankhwala m'manja. M'mutu mwanga chipatala chinali chimenecho.

Mtsikana wa pakauntala anatilandira bwino. Funso lake loyamba linali lakuti, "Ndi sikimu kapena kashi?" Ndinatulutsa khadi ngakhale ndinkadziwa yankho lake. Analiyang'ana, nayang'ana achemwali amene alamu anawagwirizira pampando, n'kunena motsitsa mawu kuti dzina lawo palibepo. Kenako anatchula ndalama yoyamba kupereka kuti awagoneke. Inali yoposa theka la malipiro anga a pamwezi, mwezi uli pakati, ndipo imeneyo inali yongotsegulira chitseko, osawerengera sikani, mankhwala ndi masiku ogona. Ndinayang'ana mufoni, ndinaimbira anzanga awiri, mmodzi sanayankhe. Namwino wina anabwera n'kuwayeza BP tili chiimire, nkhope yake inasintha, n'kutiuza kuti, "Abambo, ngati ndalama palibe musachedwe pano, thamangirani kwa boma." Sindimusungira mangawa mayi ameneyo. Anatiuza zoona, ndipo anatiuza msanga. Koma mphindi makumi anayi zinali zitapita, ndipo amene ananditayitsa mphindi zimenezo ndi ine mwini, chifukwa ndinali nditaiwala kuti ine ndi achemwali anga tinasiya kalekale kulowera khomo limodzi.

Kwa boma tinafika cha m'ma 1 koloko. Mabenchi onse anali odzaza, ena atakhala pansi motsamira khoma, atadzikulunga zitenje mpaka kumutu chifukwa cha mphepo yolowera pakhomo. Pafupi ndi ife panali mnyamata wa kabaza, mwendo atamumanga ndi malaya a mnzake, magazi akudontha pang'onopang'ono pasimenti. Chipewa chake cha njinga anachigwira pamiyendo osachisiya. Panali agogo ena aamuna amene mkodzo unawatsekeka kuyambira m'mawa, atagwira pachinena ndi manja onse awiri, akubuula motsitsa ngati akuchita manyazi ndi ululu wawo. Mayi wina wa mphumu ankapuma molira ngati wenzulo. Fungo la mankhwala okolopera, thukuta ndi magazi linali litasakanikirana.

Namwino amene ankalandira anthu anali mmodzi. Anayenda mumzere akuyang'ana nkhope, ndipo atafika pa achemwali anawauza kuti akweze manja onse awiri. Limodzi linakwera, linalo linatsala. Sanafunsenso zambiri. Anatidumphitsa anthu oposa makumi awiri n'kutilowetsa mkati. Bambo wina kumbuyo anakalipa, "Ife tabwera 7 koloko, awa angofika kumene! Kapena apereka kangachepe?" Sindinapereke kalikonse, ndipo bamboyo ndimamumvetsa. Munthu ukakhala maola asanu ndi limodzi pabenchi m'mimba mukupota, aliyense wokudutsa amaoneka ngati wakuba. Koma kumalo a matenda adzidzidzi mzere suyendera kuti wafika ndani poyamba. Amayamba ndi amene moyo wake uli pachiswe, ena onse adikire. Njira yosankhira odwala motere ili ndi mbiri yake mumzinda uno: kumbali ya ana, ndondomeko yotchedwa ETAT inakulira kuchipatala chachikulu cha Gulupu (Queen Elizabeth) pansi pa Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO n'kuitenga, ndipo lero ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Nzeru zilipo kuno kwathu. Chimene chimasowa ndi manja ndi malo.

Mkatimo ndinaziona ndi maso. Machira onse anali ndi anthu. Achemwali anakhala panjinga ya odwala nthawi yaitali, mutu utapendekera paphewa la alamu, kufikira mpata utapezeka. Dokotala wachinyamata amene anali pantchito anali ndi anthu atatu a ngozi ya minibasi, mmodzi akukha magazi m'mutu. Ndinkamuona akudutsa uku ndi uku, magolovesi ali ofiira, ndipo nthawi iliyonse akadutsa ndinkaimirira, iye n'kungokweza dzanja kuti ndikubwera. Anabweradi, cha m'ma 3 koloko. Anawaona mofatsa, anawayankhula mwaulemu kuti "amayi", anawapatsa mankhwala, n'kundiuza kuti ndi sitiroko, ndipo sikani ya m'mutu idikira kuche. Maso ake anali ofiira ndi tulo. Nditamuthokoza anangoti, "Pepani pochedwa, tilipo ochepa." Kunja kukuyera, namwino uja anali akadali chiimire. Sindinamuone atakhala pansi kapena kumwa madzi usiku wonse. Agogo a mkodzo aja anawathandiza cha m'ma 4, ndipo potuluka ankaomba m'manja kuthokoza aliyense, ndi mlonda yemwe.

Ndikamva anthu pa Facebook akutukwana anamwino onse kuti ndi amwano, ndimakumbuka mayi ameneyu. Amwano alipo, ndakumanapo nawo. Koma khamu limene linali pamabenchi paja silinapangidwe ndi namwino. Linapangidwira kutali, masana, m'maofesi ndi m'zipatala zazing'ono, ndipo usiku limangodzasonkhana pakhomo limodzi.

Taganizani za mmene mzinda wathu ulili. Chiradzulu ili ndi chipatala chake cha boma, Thyolo chimodzimodzi, Mulanje, Mwanza, Chikwawa. Blantyre, mzinda umene kalembera wa 2018 anapezamo anthu pafupifupi 800,000, osawerengera a kumidzi ya Lirangwe, Mdeka, Chileka ndi Mpemba, ilibe chipatala cha pa boma. Dongosolo la zaumoyo linakonzedwa kuti likhale la masitepe atatu: chipatala chaching'ono cha kudera, chipatala cha pa boma, kenako chipatala chachikulu cha akatswiri. Kuno sitepe yapakati palibe. Munthu akalephereka ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe, Limbe kapena Chilomoni, kolowera n'kumodzi, ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth chimene chinatsegulidwa mu 1958 mzinda uno ukadali waung'ono. Chipatala chomwecho ndiye cholandira odwala ovuta ochokera m'maboma ambiri a chigawo cha kummwera, ndiponso ndi kumene ophunzira a sukulu ya zaudokotala ya KUHeS amaphunzirira ntchito. Mabedi opitirira 1,000 amamveka ambiri ukamawatchula pakamwa, koma agaweni ndi anthu onsewo. Mu 2011 anatsegulapo malo apadera olandirira akuluakulu odwala mwadzidzidzi ndi ovulala, mu 2017 n'kutsegula Mercy James ya opaleshoni ya ana, ndipo zonsezi zapulumutsa miyoyo yambiri. Koma khomo ukalikonza bwino pamene makomo ena onse ndi otseka, anthu amangochulukira pomwepo. Aliyense wodutsa pa Kameza popita ku Chileka amaziona nyumba zija zimene zinayamba kumangidwa ndi thandizo la dziko la Libya kuti zikhale chipatala, ntchito n'kuimira panjira. Ana amene anabadwa tikumva za chipatala cha Blantyre lero ali ndi ana awo.

Tsono onjezanipo kabaza. Zaka khumi zapitazo njinga zamoto zonyamula anthu sizinali zambiri chonchi m'misewu ya mumzinda uno. Lero zili paliponse, ambiri oyendetsa sanapite kusukulu yoyendetsa, okwera alibe chipewa, ndipo fupa likathyoka palibe chipatala chaching'ono chimene chingalilumikize. Onsewo ndi a pabenchi lomwe lija.

Koma chimene chinandipweteka kwambiri ndinachipeza tsiku lachiwiri, m'kabuku ka kuchipatala ka achemwali. Ndinakatsegula pofuna kuwerengera adokotala a muwodi mankhwala amene ankamwa. BP anawapeza nayo zaka zinayi zapitazo, ndipo mwezi ndi mwezi ankapita kukalandira mapiritsi kuchipatala chaching'ono. Masamba oyambirira onse ali bwinobwino. Masamba atatu omalizira, pambali pa dzina la mankhwala, panalembedwa zilembo ziwiri ndi bolopeni yofiira: O/S. Aliyense woyenda m'zipatala za boma amazidziwa zilembo zimenezi. Mankhwala atha, mukagule kufamase. Mwezi woyamba anagula. Wachiwiri anapeza mtengo utakwera, pakuti kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo mankhwala athu pafupifupi onse amachokera kunja. Bele la kaunjika nalonso linali litakwera, makasitomala atachepa. Anagula theka n'kumamwa modumphitsa masiku. Mwezi wachitatu sanagule. BP sipweteka, munthu umayenda, umagulitsa, umaseka, mpaka tsiku limene umagwa kubafa.

Atayamba kuyankhula ndinawafunsa, "Achemwali, bwanji osandiuza? Ndalama ya mapiritsi ikanandikanika ine?" Anandiyang'ana nthawi yaitali, mawu akutuluka limodzilimodzi. "Iwe uli ndi ana asukulu. Ndimati mwezi wamawa abwera."

Kafukufuku wa m'dziko muno wa 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi sankadziwa n'komwe. Mapiritsi ake ndi ena mwa mankhwala otchipa kwambiri padziko lapansi. Bedi la munthu wa sitiroko, sikani, masabata a muwodi, mafizo, ndi bizinesi imene yaima, zonsezo n'zodula kuwirikiza kambirimbiri. Boma likalephera kugula kambewu ka mankhwala ka mwezi umodzi, limadzalipira ndalama zambiri pakhomo la matenda adzidzidzi, ndipo wodwalayo amalipira ndi dzanja lake.

Timanyadira kuti chipatala cha boma ndi chaulere, ndipo ine sindikufuna kuti ulerewo uchoke. Popanda iwo achemwali akanafera pamphasa paja. Koma tisamanamizane kuti wosauka salipira. Masabata awiri amene anagona muwodi, mwana wawo wamkazi anasiya ntchito yake ya musaluni n'kukhala gadiyani: kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa phala, kutaya zotaya, usiku kugona pansi pambali pa bedi pachitenje chimodzi. Ntchito imene kuchipatala cholipira amagwira anamwino, kwa boma amagwira ndi mwana wako, mchemwali wako, mpongozi wako, ndipo pafupifupi nthawi zonse ndi munthu wamkazi. Potuluka anapeza malo ake atalembapo wina. Benchi la kumsika linakhala lotseka mwezi wathunthu. Alamu anatenga ngongole kubanki m'khonde, itaperewera anapita kwa akatapila. Thiransipoti ya tsiku ndi tsiku, chakudya, mankhwala ena okagula kunja. Risiti ya zonsezi palibe amene amakulembera, n'chifukwa chake sizioneka m'mabuku a boma.

Amene tili ndi makhadi ndife ochepa kwambiri. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti anthu 98 kapena 99 mwa 100 alionse analibe inshulansi ya zachipatala ya mtundu uliwonse. Masikimu monga MASM amafika makamaka kwa olembedwa ntchito m'makampani, m'mabanki ndi m'mabungwe. Wogulitsa mumsika, wa kabaza, wa maganyu, mlonda, wantchito wa m'nyumba, mlimi wa ku Kunthembwe, onsewa khadi lawo ndi kabuku kaja ka masamba othothoka. Pakatikati pali zipatala za mishoni za CHAM, monga Mlambe ku Lunzu, zimene mitengo yake ndi yotsikirapo ndipo m'madera ena boma limazilipira kuti amayi oyembekezera ndi ana athandizidwe mwaulere, koma munthu wamkulu wodwala BP kapena shuga amayenerabe kupisa m'thumba.

Ochepa a makhadife ndi amenenso tili ndi mawu. Ndife timalemba m'nyuzi, timayankhula pawailesi, timakhala m'misonkhano ya kuhotela, timakonza bajeti, timakhala m'Nyumba ya Malamulo. Ndipo tonsefe tinachokapo pabenchi. Apamwamba kwambiri sadwalira n'komwe m'dziko muno, amakwera ndege kupita ku India kapena ku South Africa. Si zachilendo: Kamuzu Banda yemwe anamwalirira m'chipatala ku Johannesburg mu 1997. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene agwira makiyi a chitseko ichi m'mimba mwawo muli zii. Mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa, lathu lomwe, analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri ife takhala tikuperewera. Gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera zaumoyo limachokera kwa abwenzi akunja, ndipo tinaona kumayambiriro kwa 2025, dziko la America litaimitsa thandizo lake lambiri, mmene nyumba yomangidwa pa nsanamira za eni imagwedezekera. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti boma lidzayesetsa kupereka chisamaliro chokwanira cha zaumoyo kwa anthu ake. Mawuwo alipo papepala kuyambira 1994.

Ine ndemwe ndili m'gulu limeneli. Zaka zisanu ndi zitatu ndili ndi khadi, sindinapondeko kumalo a matenda adzidzidzi a boma usiku. Nkhani za kusowa kwa mankhwala ndinkaziwerenga ngati za dziko lina, pamene zinkalembedwa ndi bolopeni yofiira m'kabuku ka munthu amene anandilera, makilomita ochepa kuchokera pakhomo panga.

Kamodzi kokha m'moyo wanga ndinaona benchi likukhala la tonse. Munali mu January 2021, Covid itavuta. Maulendo akunja anali ovuta, zipatala zolipira zinadzaza, mpweya wa okosijeni unkasowa kwa wolemera ndi wosauka yemwe, ndipo nduna ziwiri za boma zinamwalira tsiku limodzi. Mukukumbuka liwiro lake? M'masabata ochepa Amalawi wamba anasonkha ndalama zambirimbiri pa intaneti, masilinda anagulidwa, malo ogonekapo odwala anatsegulidwa, ogwira ntchito zachipatala atsopano analembedwa. Zimene tinkauzidwa zaka zonse kuti n'zosatheka zinatheka. Mliri utadutsa aliyense anabwerera kukhomo lake. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700, ambiri a iwo ochokera m'madera opanda madzi abwino, ndipo mkwiyo wa mtundu uja sitinauonenso. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu March 2023, anthu a ku Chilobwe anawanyamulira kukhomo lomwe lija lodzaza kale, madokotala ndi ophunzira akugwira ntchito usana ndi usiku.

Nthawi ndi nthawi kumabwera maganizo akuti yankho ndi kulipiritsa: kukulitsa mbali zolipira m'zipatala zikuluzikulu, kapena kulipiritsa amene abwera opanda kalata yochokera kuchipatala chaching'ono. Mbali yolipira ndilibe nayo vuto ngati ndalama yake ikuoneka kumene ikupita, ndiponso ngati siikuchotsa dokotala kwa amene alibe. Koma munthu sadumpha chipatala cha kwawo chifukwa chokonda kukwera minibasi ziwiri. Amadumpha chifukwa anapitako katatu n'kubwerako ndi O/S. Konzani kaye kumeneko, mashelefu akhale ndi mankhwala a BP, shuga ndi mphumu, pakhale wowona odwala usiku, ambulansi ikhale ndi mafuta, ndipo mudzaona mzere wa kuchipatala chachikulu ukufupika wokha. Blantyre ipatsidwe chipatala chake cha pa boma. Ndipo ndimalakalaka patakhala lamulo lomveka bwino, lotsatidwa, lakuti munthu amene moyo wake uli pangozi akafika pachipatala chilichonse, cholipira kapena cha boma, ayambe wathandizidwa kuti akhazikike, za ndalama zikambidwe pambuyo. Mphindi makumi anayi zija zimandibwererabe ndikagona.

Achemwali anatuluka. Amayenda, mokoka mwendo pang'ono. Dzanja lamanja limagwira kapu koma silinyamula bele, ndiye kumsika amakhala pampando n'kumawerengera ndalama, mwana wawo uja ndiye amagulitsa. Mapiritsi ndimagula ndine tsopano, tsiku lolandira malipiro, ndisanalipire ndi lendi yomwe, n'kukawasiyira ndekha ku Ndirande.

Mwezi wathawu ndinapita patatsala sabata kuti mwezi uthe, ndipo ndinapeza kabotolo kali mbee. Mtima unandigunda. Ndinawerenga masiku pa zala, sizinkagwirizana. "Achemwali, mapiritsi apita kuti? Mukumwa awiriawiri?" Anayang'ana kumbali, kenako analoza ndi mutu kunyumba ya kuseri kwa mpanda wa maudzu, kumene kumakhala mayi wina wamasiye wogulitsa makala. "Amayi a kuseriwo nawonso anawalembera zomwe zija. Mankhwala ake ndi omwewa, ndinaona m'buku mwawo. Nanga ndiziwaonerera mpaka adzagwe ngati ine?"

Ndinafuna kukalipa, mawu sanabwere. Ndinapempha kuti mayiwo abwere ndi kabuku kawo. Anabwera akupukuta manja akuda ndi makala pachitenje, n'kundipatsa ndi manja awiri. Dzina la mankhwala linali lomwelo, mlingo womwewo, zilembo zofiira zomwezo miyezi iwiri yotsatizana. Madzulo amenewo ndinatsikira kufamase n'kugula mabotolo awiri.